Mawu a oimba rock: chimene chimatha ndi chimene chimakula zaka zikamapita

Pa 11 February 1963, anyamata a gulu la Beatles anakhala mu situdiyo ya EMI ku Abbey Road mumzinda wa London kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo anajambula nyimbo khumi tsiku limodzi lomwelo. Wowajambula, George Martin, anasungira dala nyimbo ya Twist and Shout kumapeto, podziwa kuti John Lennon akangoiimba imeneyi, tsikulo sangaimbenso ina. Lennon anali ndi zaka 22, komanso chimfine chinali chitamugwira. Anaikuwa kamodzi ndi mphamvu zonse zimene anatsala nazo. Atati abwereze, mawu anali atapita kale, choncho zimene zili pa chimbale chawo choyamba ndi za ulendo woyamba uja.

Nyimbo za rock zinakula ndi mtima umenewu. Anthu ankasangalala kumva woimba akudzipweteka, mawu akung'ambika, ngati kuti moyo wake wonse uli pa mzere umodzi wa nyimbo. Nanga zimatheka bwanji kuti ena mwa anthu omwewa akwere nsanja ali ndi zaka 70 kapena 80? Nanga n'chifukwa chiyani okonda nyimbo samvana akamakamba za woimba wachikulire, wina n'kumati "uyu anatha kalekale", mnzake n'kumati "pano ndiye akuimba"? Ine ndimaona kuti onse awiri amanena zoona, kungoti akumvetsera zinthu zosiyana. Woyambayo akumvetsera mnofu, umene umafika pachimake munthu akadali mnyamata kenako n'kumabwerera pansi. Wachiwiriyo akumvetsera luso, ndipo kwa oimba rock ambiri lusoli linayamba kukula tsiku limene mnofu unakana.

Pakhosi, kuseri kwa nkhwiko, pali timinofu tiwiri topyapyala, totalika pafupifupi masentimita awiri, tokhala pakhomo pa njira ya mpweya. Munthu akamapuma timatalikirana. Akafuna kuyankhula kapena kuimba timayandikana, ndipo mpweya wochokera m'mapapo umatitsegula ndi kutitseka mofulumira zedi. Mwamuna akamangocheza, timinofuti timawombana maulendo opitirira pang'ono 100 pa sekondi imodzi. Noti ya A imene oimba amachunira zida zawo ndi maulendo 440 pa sekondi. Tsono oimba rock aamuna a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankakonda kukhala pamwamba pa apa, pa maulendo 500, 600 ndi kuposerapo, mokweza kwambiri, kwa maola awiri, mawa lakenso chimodzimodzi mumzinda wina.

Kuti mawu akwere, timinofuti timayenera kukokeka, kutalika ndi kupyapyala. Aphunzitsi a kaimbidwe amakamba za mawu a m'chifuwa, amene ndi olemera ngati oyankhulira, ndi mawu a m'mutu, amene ndi opepuka. Woimba wophunzira amadziwa kuchoka kumodzi kupita kwinako popanda womvetsera kuzindikira pamene wadumphira. Mnyamata wongoyamba kumene, amene waphunzira kuimba m'mabala pakati pa magitala ndi ng'oma, sadziwa zimenezi. Amangonyamula mawu a m'chifuwa n'kuwakankhira m'mwamba ndi mphamvu, mitsempha ya m'khosi ili toololo. Zimamveka bwino kwambiri, palibe angakane. Koma timinofu tija timakhala tikumenyana mwamphamvu pamalo amodzimodzi, ndipo zotsatira zake n'zofanana ndi za m'manja mwa munthu wogwira khasu: poyamba pamatupa, pakapita nthawi pamauma n'kukhala kachotupa kolimba. Timinofu tikakhala ndi tizotupa totere sititsekanso bwino, mpweya umathawira m'mbali, mawu amasasa, ndipo oyamba kusowa ndi manoti a pamwamba aja.

Pa zaka zoyambirirazo panalinso vuto lina losakhudza khosi: woimba sankadzimva. Dokotala wa makutu ndi mmero wa ku France, Étienne Lombard, analemba mu 1911 kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu mosadziwa. Tonse timachita zimenezi. Pa 15 August 1965 a Beatles anaimba pa bwalo la Shea ku New York pamaso pa anthu oposa 55,000 amene ankangokuwa, ndipo iwo eni sankamva chimene akuimba. Patangotha chaka anasiyiratu zoyendayenda. Magulu obwera pambuyo pawo anapeza zokuzira mawu zoyang'ana kwa woimba, koma magitala nawo anali atakula phokoso, ndiye mpikisano unali womwewo. Zinthu zinasintha zenizeni m'zaka za m'ma 1990, pamene timahedifoni tolowetsa m'khutu tinafala pansanja. Woimba akamadzimva bwino safunikanso kulimbana ndi ng'oma. Pali oimba ambiri amene anthu amati anakhwima m'zaka zimenezo, pamene mbali ina ya kukhwimako inali kachipangizo ka m'khutu chabe. Kufunika kwa khutu kunaonekera bwino mu 2016, pamene Brian Johnson wa gulu la AC/DC analeka ulendo woimba uli pakati. Khosi linalibe vuto. Madokotala anamuchenjeza kuti akapitiriza agontheratu.

Chodabwitsa n'choti ambiri sapita kwa mphunzitsi mpaka atavulala. M'dziko la rock kuphunzira kaimbidwe kunkaoneka ngati manyazi, zinthu za anthu a opera ovala mataye. James Hetfield wa gulu la Metallica anafotokozapo kuti anawononga mawu pa nthawi imene ankajambula nyimbo za chimbale chawo cha mu 1991, chija chimadziwika ndi chikuto chakuda. Anapita kwa mphunzitsi amene analinso wotsogolera nyimbo m'sunagoge wa Ayuda. Mphunzitsiyo anamupatsa zochita zotenthetsera mawu asanayambe kuimba, ndipo Hetfield anapitiriza kugwiritsa ntchito kaseti ya zimenezi kwa zaka zambirimbiri. Mukamvetsera zimbale zoyamba za gululi, za m'ma 1983 ndi 1984, mumamva mnyamata akukalipa m'maikolofoni. Pofika 1991 akutha kugwira noti, kuitalikitsa ndi kuitsitsa mofatsa, mpaka kuimba nyimbo yachikondi ya Nothing Else Matters. Okonda gululi akale ena anakwiya, akuti wafewa. Koma n'zokayikitsa ngati kukalipa kuja kukanamufikitsa zaka 60 akuimbabe m'mabwalo a mpira.

Klaus Meine wa gulu la ku Germany la Scorpions anataya mawu mu 1981 gululi likukonza chimbale cha Blackout, mpaka anauza anzake kuti afune woimba wina. Anzakewo anakana, anamudikira. Atachitidwa opaleshoni n'kuphunziranso kugwiritsa ntchito mawu, anabwerera, chimbale chinatuluka mu 1982, ndipo nyimbo zimene dziko lonse limamudziwa nazo zinabwera pambuyo pa ngoziyo. M. Shadows wa gulu la Avenged Sevenfold anachita mofanana koma mwadala: gulu lake lisanajambule City of Evil ya mu 2005 anakhala miyezi akuphunzira kwa Ron Anderson, mphunzitsi amene anathandizaponso oimba rock otchuka Axl Rose ndi Chris Cornell, kuti asiye kungokuwa ayambe kuimba.

Kodi aphunzitsiwa amaphunzitsa chiyani? Zambiri n'zosasangalatsa kuzimva. Kupuma mozama kuti mphamvu ichokere m'mimba ndi m'nthiti osati pakhosi. Kumasula nsagwada ndi lilime. Kusintha pang'ono katchulidwe ka liwu pamene noti yakwera, kuti "a" wotambasuka asatseke njira. Kumwa madzi, kugona, kusayankhula kwambiri pambuyo pa shoo, chifukwa macheza a m'bala paphokoso amatha kuwononga mawu kuposa nyimbo zimene. Kupewa kudya usiku kwambiri, popeza chilungulira chimakweza asidi wa m'mimba n'kukawotcha timinofu tija munthu ali mtulo. Chachikulu, amaphunzitsa kuti mawu omveka ngati akung'ambika sachita kufuna kung'ambika kwenikweni.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuimapo, chifukwa ndiyo ikusiyanitsa oimba amene amatha msanga ndi amene amakhalitsa. Pamwamba pa timinofu toimbira pali timinofu tina tiwiri timene nthawi zambiri sititenga mbali pa kuyankhula. Woimba waluso amatha kutiyandikizitsa kuti nato tizigwedezeka, ndipo n'timene timabweretsa kukhakhala kuja, kubangula kumene anthu amakukonda mu rock, pamene timinofu tapansi tikuimba noti yake mwamtendere. Mu 2016 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Christian Herbst wa ku Austria linasindikiza kafukufuku wa mawu a Freddie Mercury wa gulu la Queen. Poti mwini wake anamwalira mu 1991, anagwiritsa ntchito zimene anajambula ali moyo, komanso anaika kamera yothamanga kwambiri pakhosi pa woimba wina amene ankamutsanzira. Anapeza zizindikiro zoti Mercury ankagwiritsa ntchito timinofu tapamwambati pobangula. Anapezanso kuti poyankhula mawu ake ankazungulira pa maulendo 117 pa sekondi, amene ndi mawu a baritoni, mawu aamuna otsikirapo, ngakhale dziko linkamudziwa ngati tena, woimba wa mawu okwera. Kunjenjemera kwa mawu ake pogwira noti kunali pafupifupi maulendo 7 pa sekondi, mofulumira kuposa oimba ambiri a opera.

Mercury yemweyu ndi chitsanzo chabwino cha kusintha. Pa zimbale zoyamba za m'ma 1973 ndi 1974 mawu ake ndi opepuka, othamangira m'mwamba. Pofika pa shoo ya Live Aid ku Wembley pa 13 July 1985 ndi olemera, odzaza bwalo. Anali ndi tizotupa pa timinofu take koma sanafune mpeni, monganso anakanira kukonzetsa mano ake otuluka poopa kuti mawu angasinthe. Pansanja ankadziwa kusunga mphamvu: manoti ena a pamwamba a mu situdiyo ankawatsitsa, ena n'kumusiyira woimba ng'oma Roger Taylor. Ena amati uku n'kubera. Ine ndimati n'kudziwa kuti mawa kulinso shoo.

Opaleshoni imatha kupulumutsa mawu, komanso imatha kukubwezera mawu a munthu wina. Elton John anamaliza ulendo wa ku Australia mu December 1986 mawu atasasiratu, ndipo mu January 1987 madokotala a ku Sydney anamuchotsa zotupa pakhosi. Atachira, mawu opyapyala a pamwamba amene ankakongoletsa nyimbo zake za m'ma 1970 sanabwererenso monga kale. Anatsala ndi mawu akuya, olemera, amene anayenda nawo mpaka pa shoo yotsiriza ya ulendo wake wotsazika ku Stockholm mu July 2023. Bonnie Tyler wa ku Wales anachitidwa opaleshoni yofanana atatsala pang'ono kutulutsa nyimbo ya It's a Heartache mu 1977. Anauzidwa kuti akhale chete kwa milungu ingapo, iye tsiku lina anakuwa chifukwa chotopa nazo, ndipo mawu anasasa mpaka kalekale. Kusasa komweko n'kumene kunamutchukitsa. Nkhani imeneyi anthu amakonda kuikamba moseka, koma ndi ya mwayi wa munthu mmodzi. Amene anavulala chimodzimodzi ntchito n'kuthera pomwepo sitiwadziwa n'komwe mayina, chifukwa sanajambulenso kanthu.

Masiku ano madokotala amachita zinthu mosamala kuposa kale. Steven Zeitels wa pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston anagwiritsa ntchito kuwala kwa laser kutseka mtsempha wa magazi umene unaphulika pa kamnofu ka Steven Tyler wa Aerosmith mu 2006. Paja chakudza sichiimba ng'oma: mtsempha wotere umatha kuphulika pa noti imodzi, mawu n'kuzimiririka nyimbo ili pakati. Dokotala yemweyu anachotsa chotupa chimene chikanasanduka khansa pakhosi pa Roger Daltrey wa gulu la The Who mu December 2009, ndipo mu February 2010 Daltrey anaimba pa masewera akuluakulu a mpira wa ku America a Super Bowl. Jon Bon Jovi vuto lake linali lina. Kamnofu kake kamodzi kanali katafota moti sikankakumananso bwino ndi kanzake, ndipo mu 2022 madokotala anaika kachinthu kokakankhira pakati.

Vuto la Bon Jovi likutifikitsa pa ukalamba weniweni, umene subwera chifukwa cha kulakwitsa kulikonse. Timafupa tofewa ta pakholingo timayamba kuuma munthu akadali ndi zaka za m'ma 20, ndipo pang'onopang'ono timasanduka fupa lenileni. Timinofu toimbira timataya kufewa kwake, ena timawonda. Mapapo sasunganso mpweya wochuluka. Kwa akazi mawu amakonda kutsika akasiya kusamba. Kwa amuna okalamba kwambiri mawu oyankhulira amatha kukwera pang'ono n'kupyapyala, koma manoti amphamvu a pamwamba amakhala atapita. Zonsezi sizichitika pa liwiro limodzi kwa aliyense. Tina Turner anatulutsa chimbale chake chotchuka kwambiri, Private Dancer, mu 1984 ali ndi zaka 44, ndipo anayenda ulendo wake womaliza mpaka mu 2009 ali ndi zaka 69. Mick Jagger anatulutsa chimbale chatsopano ndi a Rolling Stones mu 2023 ali ndi zaka 80, ndipo chinamuthandiza n'choti kuyambira pachiyambi sankadalira manoti a kumwamba. Luso lake lili pa kasewereredwe ka mawu ndi kugunda kwa nyimbo.

Ovutika kwambiri ndi aja anamanga mbiri yawo pa kukwera. Nyimbo imene munthu anaipeka ali ndi zaka 21 imakhala ngongole imene anthu amabwera kudzaitolera usiku uliwonse ali ndi zaka 60. Njira yodziwika yoithawira ndi kutsitsa kiyi, kutanthauza kuimba nyimbo yonse motsikirapo. Gulu lonse limachuna magitala motsikirapo, theka la sitepe kapena sitepe yathunthu, ndipo omvetsera ambiri sazindikira n'komwe. Geddy Lee wa gulu la Rush la ku Canada anachenjera msanga: kuyambira cha m'ma 1980 anayamba kupeka nyimbo zatsopano motsikirapo, kusiya kulira kwa pamwamba kumene ankadziwika nako.

Koma munthu amene nkhani yake imafotokoza zonsezi bwino ndi Robert Plant, woimba wa gulu la Led Zeppelin. Chimbale choyamba cha Led Zeppelin chinatuluka mu January 1969 iye ali ndi zaka 20, ndipo kwa zaka zitatu kapena zinayi mawu ake anali muyezo umene oimba rock onse ankadziyezera. Maulendo ataliatali anamudya msanga. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 anali atachitidwa kale opaleshoni, ndipo aliyense womvetsera mashoo a nthawi imeneyo amamva kuti akuzemba manoti amene kale ankawafika mosavuta. Akanafuna akanatha moyo wake wonse akuthamangitsa mnyamata uja. M'malo mwake anapita kwina. Mu 2007 anatulutsa chimbale cha Raising Sand limodzi ndi Alison Krauss, woimba nyimbo zachikhalidwe za ku America, mmene anaimba motsitsa, mofatsa, nthawi zina monong'ona, akuphunzira kugwirizanitsa mawu ake ndi a mnzake, chinthu chimene woimba wotsogolera gulu la rock sachita kawirikawiri. Mu February 2009 awiriwa analandira mphoto zisanu za Grammy usiku umodzi, kuphatikizapo ya chimbale chopambana pa chaka.

Pakati pa zimenezi, pa 10 December 2007, otsala a Led Zeppelin anakumananso pa shoo imodzi mu O2 Arena ku London pokumbukira Ahmet Ertegun, amene anayambitsa nawo kampani ya Atlantic Records. Nyimbo zina anazitsitsa kiyi, ndipo Plant anaimba bwino moti anthu anayamba kulira ulendo wa dziko lonse. Ndalama zinalipo zambiri. Iye anakana, n'kupita kukayenda ndi Krauss. Kwa ine Plant wa mu 2007 ndi woimba wabwino kuposa wa mu 1969, ngakhale sangathenso theka la zimene wa mu 1969 ankachita. Wachinyamatayo anali ndi liwiro limodzi lokha. Wachikulireyu amadziwa pochedwa, posiya mpata, liwu loti alitsindike ndi loti alimeze, ndipo mawu a nyimbo amamveka ngati a munthu amene akudziwa tanthauzo lake.

Fodya ndi mankhwala osokoneza bongo zili ndi mbali yake, ndipo pano mpofunika kusamala ndi nthano. Utsi umatupitsa timinofu toimbira, timalemera, mawu n'kutsika. Bob Dylan atatulutsa Nashville Skyline mu 1969 anthu anadabwa kumva mawu osalala amene sankawadziwa, ndipo iye anati chifukwa chake chinali choti anasiya kusuta. Marianne Faithfull anayenda njira yotsutsana nayo. Mu 1964, ali ndi zaka 17, anaimba As Tears Go By ndi mawu anthetemya a mtsikana. Patadutsa zaka za matenda a pakhosi, mankhwala osokoneza bongo ndi kugona m'misewu ya London, anabwerera mu 1979 ndi chimbale cha Broken English, mawu ali akuya ndi osweka. Mu 1987 anajambulanso nyimbo yoyamba ija, ndipo ambiri amaikonda yachiwiriyi. Komabe chimene chimagwira mtima mmenemo si kuwonongeka kwa khosi. Osuta ali mbwee, ndipo ambiri mawu awo ndi oipa basi. Faithfull anaphunzira kusankha nyimbo zoyenera mawu amene anatsala nawo, ndi kuziimba mosabisa chilema.

Pali chinthu chinanso chosokoneza tikamayerekeza woimba wa dzulo ndi wa lero. Zimbale zimanama mbali zonse ziwiri. Ngakhale kale, situdiyo inkalola kuimba mzere umodzi maulendo ambiri n'kusankha wabwino. Kuyambira 1997, pamene pulogalamu ya pakompyuta ya Auto-Tune inatuluka, noti yophonya imatha kuwongoledwa pambuyo. Kumbali inayi, shoo yoipa ya mu 1975 anaimva okhawo amene analipo, pamene woimba wa lero akangophonya noti imodzi, mawa lake ili pa YouTube yojambulidwa ndi foni. Tikamati wakuti anatha, nthawi zambiri tikuyerekeza tsiku lake labwino kwambiri la mu situdiyo ndi usiku wake woipa kwambiri wa pansanja.

Ku Zambia kuli chitsanzo cha mtundu wina, cha mawu amene anapuma nthawi yaitali. Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari potengera dzina la Jagger, ankatsogolera gulu la WITCH m'nthawi ya Zamrock, rock ya ku Zambia ya m'ma 1970, ndipo chimbale chawo cha Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975. Anasiya gululo, anakhalapo mphunzitsi, anakumbapo miyala yamtengo wapatali, kenako zimbale zakalezo zitayamba kufunidwa kunja anabwerera pansanja, mpaka mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Pakati pa zimbale ziwirizi pali zaka 48, ndipo zambiri mwa zakazi khosi lake silinkamenyedwa usiku uliwonse ngati la anzake a ku Britain ndi America.

Luso ndi madokotala zili ndi malire. Steven Tyler, amene laser inamupatsa zaka zina 17 za kukuwa, anavulala pakhosi mu September 2023 gulu lake litangoyamba ulendo wotsazika. Poyamba zinkaoneka ngati kutuluka magazi chabe kwa timinofu toimbira, koma zinadziwika kuti kholingo lenilenilo linali litathyoka. Anali ndi zaka 75. Gululi linadikira pafupifupi chaka, ndipo mu August 2024 linalengeza kuti mawu ake sangachire mokwanira, choncho Aerosmith yasiya maulendo oimba.